Nibiru, pulaneti lobisika limene akuti likubwera: mungaliyeze nokha muli pakhomo

Uthenga wake umabwera mofanana pafupifupi chaka ndi chaka. Pa WhatsApp pamagwa chithunzi cha dzuwa likulowa, pambali pake pali kadontho kowala kapena chimpira chofiirira. Kenaka pamatsatira mawu ojambulidwa, ena m'Chipwitikizi cha ku Brazil, ena m'Chingerezi, ena atawamasulira kale m'Chinyanja. Akuti kuli pulaneti lalikulu lotchedwa Nibiru, ena amati Planet X, limene likuthamangira kuno kudzawomba dziko lapansi kapena kudutsa pafupi n'kuligubuduza. Akuti maboma akudziwa koma akubisa. Tsiku amatchula ndithu. Ku Ulónguè, ku Furancungo, ku Zóbuè ndi m'misika ya mumzinda wa Tete uthenga wotere suchedwa kufalikira, ndipo ukapezana ndi chaka cha chilala kapena cha namondwe, ambiri amaumvera ndi mtima wonse.

Pulaneti limeneli kulibe. Koma kungonena kuti asayansi akana sikuthandiza munthu amene wauzidwa kale kuti asayansiwo ndiwo akubisa. Mwayi wake, nkhani iyi sifuna kuti mukhulupirire munthu. Chinthu chachikulu ngati pulaneti chimadziulula chokha m'njira ziwiri, kuwala kwake ndi mphamvu yake yokoka, ndipo zambiri mwa izi munthu wa ku Angónia kapena ku Chifunde angaziyeze yekha ndi maso, foni, ndodo ndi kalendala. Paja kandimverere anakanena za m'maluwa.

Kumene nkhaniyi inachokera

Dzina lakuti Nibiru ndi lakale, limapezeka pa mapale adothi a ku Babulo, kumene lero ndi Iraq. Akatswiri owerenga mapalewo amapeza kuti Ababulo ankaligwirizanitsa ndi mulungu wawo Marduk, ndipo kawirikawiri linkanena za Jupiter, yemweyu timamuona usiku. Iwo ankadziwa mapulaneti asanu ooneka ndi maso: Mercury, Venus, Mars, Jupiter ndi Saturn. Mu 1976 mlembi wina, Zecharia Sitchin, anatulutsa buku lonena kuti mapalewo akukamba za pulaneti lina lachilendo lozungulira dzuwa kamodzi pa zaka 3,600. Odziwa zilankhulo za pa mapalewo sanavomereze kumasulira kwake. Ngakhale zili choncho, Sitchin sanaike tsiku la chiwonongeko m'zaka zathu zino, ndipo ena atayamba kumangirira Nibiru ku chaka cha 2012 iye mwini anakana.

Za chiwonongeko zinayamba ndi mayi wina wa ku Wisconsin ku America, Nancy Lieder. Mu 1995 anatsegula tsamba la pa intaneti la ZetaTalk, n'kumanena kuti amalandira mauthenga m'mutu mwake kuchokera kwa zamoyo za kunyenyezi. Anati pulaneti lalikulu kuwirikiza kanayi dziko lathu lidzadutsa mu Meyi 2003, dziko lidzaleka kuzungulira kwa masiku angapo, kenaka lidzapendekeka. Anatchulanso malo ake kumwamba, chakufupi ndi nyenyezi za Akamwiniatsatana, ndipo anthu okhala ndi matelesikopu awoawo analoza komweko osapeza kanthu. Meyi anatha, anthu anakolola chimanga chawo.

Kuyambira pamenepo tsiku lakhala likungosamuka. Mu 2011 anati Nibiru ndi nyenyezi ya mchira yotchedwa Elenin, koma iyo inali kachinthu kakang'ono kamene kanaphwasuka kokha katayandikira dzuwa. Kenaka anagwira 21 Disembala 2012, tsiku limene kalendala ina ya Amaya a ku Mexico ndi Guatemala inkamaliza nyengo ya zaka zoposa 5,000 n'kuyamba ina. Kenaka wolosera wina wa ku America, David Meade, anatchula 23 Seputembala 2017, atasakaniza Chivumbulutso chaputala 12 ndi kadamsana amene anaoneka ku America pa 21 Ogasiti chaka chomwecho. Tsikulo litadutsa anati Okutobala, kenaka Epulo 2018.

Apa pokha pali kale vuto limene olalikira Nibiru sayankha. Chinthu chogwera kudzuwa kuchokera kutali chimafika m'dera lathu lino chikuthamanga makilomita pafupifupi 42 pa sekondi imodzi. Chilibe mabuleki. Chimene chinali chitatsala ndi miyezi yochepa kuti chifike mu 2003 sichingakhale chidakali panjira zaka zoposa 20 pambuyo pake.

Zoona zimene bodzali linamerapo

Dzina lakuti Planet X sanalipeke ndi anthu a pa YouTube. Linali la asayansi enieni, ndipo mbiri yake ndiyo imaonetsa bwino chifukwa chake pulaneti silingabisale.

Mu 1846 katswiri wa masamu wa ku France, Urbain Le Verrier, ankafufuza chifukwa chimene pulaneti la Uranus linkasemphera pang'ono panjira yake. Anawerengera pamene chinthu chomukoka chiyenera kukhala, natumiza kalata ku Berlin. Johann Galle analoza telesikopu pamenepo ndipo usiku womwewo anapeza pulaneti latsopano, Neptune. Onani bwino: Neptune anagwidwa ndi cholembera asanaonedwe ndi diso, chifukwa cha kukoka kwake kokha, ali pa mtunda wa makilomita 4,500 miliyoni kuchokera kudzuwa, ndi zipangizo za nthawi ya makolo a agogo athu.

Pambuyo pake kunkaoneka ngati padakali kusempha kwina kochepa, choncho Percival Lowell wa ku Arizona anayamba kusaka pulaneti lina, nalitcha Planet X. Kusakako kunapezetsa Pluto mu 1930, koma Pluto ndi wamng'ono kuposa mwezi wathu, sakanatha kukoka Uranus. Mfundoyo inamasuka chombo cha Voyager 2 chitadutsa pafupi ndi Neptune mu 1989 n'kumuyeza kulemera. Kunapezeka kuti ankamuwerengera mopitirira ndi theka la gawo limodzi mwa magawo 100. Atakonza nambala imeneyo, kusempha konse kunatha.

Chinanso chimene amakonda kutumiza ndi nkhani ya m'nyuzipepala ya Washington Post ya mu Disembala 1983, yonena kuti setilaiti ya IRAS yaona zinthu zosadziwika kumwamba. N'zoona inaziona. Zimene samatumiza ndi zotsatira zake: atazipenda ndi matelesikopu apansi, pafupifupi zonse zinali milalang'amba yakutali kwambiri, ndipo panalibe pulaneti.

Nanga Planet Nine? Iyi ndi nkhani yamoyo. Mu 2016 Konstantin Batygin ndi Michael Brown a ku yunivesite ya Caltech ku America anaona kuti timiyala tina tamadzi oundana takutali kupitirira Neptune tikuyenda motsamira mbali imodzi, ndipo anati mwina kuli pulaneti lolemera kuwirikiza kasanu mpaka kakhumi dziko lathu limene likutikusa. Silinapezeke, ndipo asayansi ena amatsutsa. Telesikopu yatsopano ya Vera Rubin ku Chile, imene inatulutsa zithunzi zake zoyamba mu Juni 2025, ikuyembekezeka kuthandiza kudula mlanduwu. Koma likapezeka lidzakhala lotenga zaka masauzande kuti lizungulire dzuwa kamodzi, ndipo ngakhale pamene layandikira kwambiri limakhalabe kutali kuposa Neptune kangapo konse. Aliponso mapulaneti oyenda okha pakati pa nyenyezi, opanda dzuwa lawo. Apezeka ndithu, koma pa mitunda imene kuwala kumayenda zaka.

Mitunda imeneyi simalowa m'mutu ndi manambala okha. Ikani mpira wamiyendo pakati pa bwalo, umenewo ukhale dzuwa. Dziko lathu ndi njere ya mamilimita awiri pa mtunda wa mamita 24. Jupiter ndi kamwala ka masentimita awiri pa mamita 123. Neptune ndi njere ya mamilimita 8 pa mamita 710. Planet Nine, ngati lilipo, lili pa makilomita angapo. Nyenyezi yoyandikana nafe kwambiri ili pa makilomita oposa 6,000.

Masamu a kuwala

Pulaneti silitulutsa kuwala kwake, limabweza kwa dzuwa. Kuwalako kumachepa popita ndiponso pobwerera, choncho pulaneti likafupikitsa mtunda wake ndi theka limawala mowirikiza pafupifupi ka 16. Lamulo limeneli ndilo limapha nkhani yonse.

Tengani msinkhu umene Lieder anatchula, kuwirikiza kanayi dziko lathu. Umenewo ndi msinkhu wa Uranus ndi Neptune, ndiye tili ndi poyerekezera. Neptune ali kutali ndi dzuwa kuwirikiza ka 30 mtunda wa pakati pa ife ndi dzuwa, umene ndi makilomita 150 miliyoni, ndipo amaoneka ndi magalasi oonera patali aja ogwira m'manja. Chinthu chogwa kuchokera pamenepo chimatenga zaka pafupifupi 12 kuti chifike kuno. Uranus ali pa ka 19, ndipo usiku wopanda mwezi, kumudzi kopanda magetsi, munthu wamaso akuthwa amamuona ndi maso okha. Kuchokera pamenepo ndi zaka pafupifupi 6. Likafika pa mtunda wa Saturn, kutatsala zaka ziwiri ndi miyezi pang'ono, likanakhala nyenyezi yooneka bwino kwa aliyense wotuluka panja usiku. Pa mtunda wa Jupiter, kutatsala miyezi 10 kapena 11, likanakhala m'gulu la nyenyezi zowala kwambiri kumwamba konse. Kutatsala sabata zochepa likanaoneka ngakhale masana.

Ndiye uthenga ukamati Nibiru afika mwezi wamawa, tulukani panja usiku womwewo. Payenera kukhala chinthu chowala kuposa nthanda chimene agogo anu sakuchidziwa.

Ena amayankha kuti pulanetilo ndi lakuda bii. Mitima ya nyenyezi za mchira ndi yakuda kwambiri, imabweza magawo anayi okha mwa magawo 100 a kuwala, komabe imapezeka ili ya makilomita ochepa chabe. Mukalidetsa pulaneti la msinkhu wa Uranus mpaka pamenepo, mwangochedwetsa zinthu pang'ono: m'malo mooneka ndi maso kutatsala zaka 6, lioneka kutatsala zaka ziwiri kapena zitatu. Ena amati si pulaneti koma nyenyezi yozirala. Zimenezo zimangokulitsa vuto, chifukwa nyenyezi yotere imalemera kuwirikiza ka 13 Jupiter kapena kuposa, ndipo imatulutsa kutentha. Setilaiti ya WISE, imene inakwezedwa mu Disembala 2009, inajambula thambo lonse pofufuza kutentha koteroko. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2014 zinati palibe chinthu cha msinkhu wa Saturn mpaka mtunda wowirikiza ka 10,000 wa pakati pa ife ndi dzuwa, ndipo cha msinkhu wa Jupiter palibe mpaka ka 26,000. Njira ya zaka 3,600 imene Sitchin ananena imathera pa ka 470 chabe.

Zoti maboma akubisa zimagwa pa mfundo imodzi: thambo lilibe chitseko. Nyenyezi ya mchira ya Hale-Bopp, imene mtima wake ndi wa makilomita pafupifupi 60, anaipeza mu 1995 ndi anthu awiri ogwiritsa ntchito matelesikopu ang'onoang'ono, ili kutali kupitirira Jupiter. Mu 2019 Gennady Borisov wa ku Crimea anapeza nyenyezi ya mchira yochokera kunja kwa banja la dzuwa lathu ndi telesikopu yopanga yekha. Anthu otere alipo masauzande ku Japan, ku Brazil, ku Australia, ku South Africa, ndipo aliyense amalakalaka kukhala woyamba kupeza chatsopano. NASA, bungwe la America loona za mlengalenga, singawatseke pakamwa onse, ndipo Russia, China ndi India, amene ali ndi zida zawozawo, alibe chifukwa chosungira America chinsinsi.

Kuseri kwa dzuwa ndi kummwera

Pali mabisalo awiri amene amatchulidwa kawirikawiri. Loyamba ndi lakuti pulanetilo lili kuseri kwa dzuwa. Koma ife sitinaime malo amodzi. Dziko limazungulira dzuwa pa chaka, choncho mbali ya thambo imene dzuwa laphimba imasuntha ndi digiri pafupifupi imodzi tsiku lililonse. Nyenyezi zimene zili kuseri kwa dzuwa mu Juni zimakhala pamwamba pakati pa usiku mu Disembala. N'chifukwa chake Nsangwe ndi Akamwiniatsatana zimasowa nyengo ina n'kubweranso. Chobwera kuchokera kutali chingabisale m'kuwala kwa dzuwa kwa sabata zingapo, osati zaka. Kuwonjezera apo, chombo cha SOHO chakhala chikujambula dera lozungulira dzuwa kuyambira pamene chinakwezedwa mu 1995, zithunzi zake zili poyera pa intaneti, ndipo anthu wamba apezamo nyenyezi za mchira zoposa 5,000, zambiri zazing'ono zedi.

Lachiwiri ndi lakuti Nibiru amaoneka ku South Pole kokha, ndipo telesikopu imene anamanga kumeneko mu 2007 ndi yomulondera. Bodza ili linapekedwa ndi anthu a kumpoto kwa dziko, amene thambo la kummwera saliona. Ife tili pa madigiri 15 mpaka 16 kummwera kwa equator. Chilichonse chimene chili pamutu pa munthu wa ku South Pole, kuno chimakhala chakummwera, madigiri 15 kuchokera pamene thambo lakumana ndi nthaka. Tambasulani dzanja, fumbatani chibakera: chibakera chimodzi ndi madigiri pafupifupi 10, ndiye ndi chibakera chimodzi ndi theka. Pezani nyenyezi zinayi za mtanda wa kummwera, tsatirani mzere wake wautali kupitirira kuphazi kwake kanayi ndi theka, mwafika pamalopo. Ndi malo osauka nyenyezi, moti chachilendo chowala chikanaoneka msanga.

Chithunzi cha madzuwa awiri

Ichi ndicho chimakopa anthu ambiri, chifukwa munthu amajambula yekha ndi foni yake n'kuona kadontho. Kamera ya foni ili ndi timagalasi tingapo tosanjikizana. Kuwala kwamphamvu kukalowa, kwina kumanjanja pakati pa timagalasito n'kukagwera malo ena pa chithunzi ngati kadontho kobiriwira, kabuluu kapena kofiirira.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Yang'anani pa sikirini yokha, osayang'ana dzuwa ndi maso, ndipo musalozetse kamera padzuwa nthawi yaitali. Choyamba, pendeketsani foni pang'onopang'ono. Dzuwa likapita kumanzere kwa sikirini, kadonthoko kamathawira kumanja, likakwera kamatsika, nthawi zonse kali mbali yotsutsana nalo kudutsa pakati pa chithunzi. Chinthu chenicheni cha kumwamba chikanakhala pa mtunda womwewo ndi dzuwa ngakhale mutatembenuza foni chotani. Chachiwiri, sunthani mpaka dzuwa libisike kuseri kwa denga kapena thunthu la mtengo, malo a kadontho aja akuonekabe. Kadontho kamazima nthawi yomweyo. Chachitatu, usiku jambulani babu la magetsi kapena nyali ya galimoto, mudzapeza "Nibiru" wina pambali pake. Galasi la kamera likakhala ndi mafuta a m'manja kapena ming'alu, timadontho timachuluka.

Nthawi zina chowalacho chimaoneka ndi maso omwe. Kukakhala mitambo yopyapyala yam'mwamba kwambiri, imene imakhala ndi timadzi toundana, dzuwa limazunguliridwa ndi mkombero, ndipo kumanja kapena kumanzere kwake kumatha kuoneka chigamba chowala. Chiyezeni, mudzapeza kuti chili pa madigiri 22 kapena kuposa pang'ono kuchokera padzuwa, zibakera ziwiri ndi pang'ono, pa msinkhu umodzi ndi dzuwa, mbali yake yofiira italoza kudzuwa. Mitambo ikachoka nacho chimachoka.

Nyenyezi yowala kwambiri ya m'bandakucha kapena ya madzulo ndi nthanda, Venus. Siitalikira dzuwa kupitirira madigiri 47, ndipo imabwereza ulendo wake wa kummawa ndi kumadzulo pa masiku 584. Yowala mosaphethira pakati pa usiku kawirikawiri ndi Jupiter. Mukamuyang'ana ndi magalasi oonera patali mutatsamiritsa zigongono pa chinthu cholimba, mudzaona timadontho mpaka tinayi pamzere, imeneyo ndi miyezi yake. Dzuwa lofiira la mu Seputembala ndi Okutobala ndi utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi. Mwezi wofiira, monga wa pa 27 Julayi 2018 ndi wa pa 7 Seputembala 2025, ndi kadamsana wa mwezi, ndipo masiku ake amalembedwa zaka zambiri zisanafike.

Kodi dziko lapendekeka?

Amati dzuwa likutulukira malo achilendo, umboni wakuti Nibiru wayamba kutikoka. Dzuwa limasinthadi potulukira, ndipo lakhala likutero kuyambira kale. Kuno limayenda madigiri pafupifupi 49 pakati pa 21 Juni, pamene limatulukira chakumpoto kwambiri, ndi 21 Disembala, pamene limatulukira chakummwera kwambiri. Munthu amene sanazisamalepo amadabwa akaona kuti lasiya phiri limene linkatulukirapo nthawi yokolola.

Yezani ndi ndodo. Pezani malo osalala ndi ndodo yowongoka, muizike kuti mbali yoonekera ikhale mita imodzi ndendende. Imikani bwino poyerekeza ndi chingwe chomangirira mwala. Kuyambira 11 koloko mpaka 12:30 ikani chizindikiro pansonga ya mthunzi mphindi zisanu zilizonse, ndipo muyeze mthunzi waufupi kwambiri. Ku Ulónguè pa 21 Juni udzakhala masentimita pafupifupi 78 kuloza kummwera, pa 21 Disembala masentimita 15 kuloza kumpoto. Mumzinda wa Tete ndi 83 ndi 13. Kumayambiriro kwa Novembala, cha m'ma 11:25, ndi m'masiku 10 oyamba a Febuluwale, itatsala pang'ono kukwana 12 koloko, mthunzi umasowa chifukwa dzuwa lili paliwombo penipeni. Dziko litapendekeka ndi digiri imodzi yokha, mthunzi wa mu Juni ukanasintha ndi masentimita atatu, zimene tepi ya telala ingagwire. Zolakwika zimene zimasokoneza ndi zitatu: nthaka yotsetsereka, ndodo yopendama, ndi kuyeza pa 12 koloko ya pa wotchi m'malo modikira mthunzi waufupi. Aphunzitsi angachite zimenezi ndi ana pabwalo la sukulu n'kusunga manambala m'kope chaka ndi chaka.

Amene ali ndi dishi ya TV ali ndi chida china. Dishi imaloza setilaiti imene ili pa makilomita 35,786 pamwamba pa equator, ndipo aliyense amene anaikapo dishi amadziwa kuti ikasuntha pang'ono chabe chithunzi chimathawa. Dziko litagwedezeka pa msana wake, madishi onse kuyambira ku Moatize mpaka ku Zumbo akanafa tsiku limodzi. Momwemonso kadamsana wa pa 21 Juni 2001, amene anadetsa Lusaka, kumpoto kwa Zimbabwe ndi pakati pa Mozambique, anafika pa mphindi imene inawerengeredwa kale. Masamu amenewo amadalira kulemera kwa dzuwa, mwezi ndi mapulaneti odziwika okha. Mukanakhala chimphona china chosawerengedwa pafupi, akanaphonya.

Namondwe, chilala ndi zivomezi zili ndi zifukwa zake zodziwika. Idai mu 2019, Ana amene anagwetsa mlatho wa pa Revúbuè mu Januwale 2022, ndi Freddy mu 2023, onse anabadwira ndi kukulira pa madzi ofunda a m'nyanja. Chilala cha 2015 mpaka 2016 ndi cha 2023 mpaka 2024 chinadza ndi El Niño, kufunda kwa madzi a m'nyanja ya Pacific. Zivomezi monga cha ku Machaze mu Febuluwale 2006 ndi za ku Karonga mu Disembala 2009 zimachokera ku mng'alu waukulu wa kummawa kwa Africa, umene nyanja ya Niassa yakhalamo. Padziko lonse zivomezi za mphamvu ya 7 kapena kuposa zimachitika pafupifupi 15 pa chaka, choncho wolosera tsoka sasowa chivomezi choti aloze. Kutentha kowonjezereka kwa zaka zino n'koona, koma gwero lake ndi mpweya wochokera ku mafuta, malasha ndi kudula mitengo. Za nyengo mverani bungwe la zanyengo la INAM ndi bungwe loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi la INGD.

Zoopsa zenizeni zimalengezedwa bwanji

Nkhani zotere si zoseweretsa. Mu Malichi 1997 anthu 39 a gulu la Heaven's Gate ku California anadzipha pokhulupirira kuti kumbuyo kwa Hale-Bopp kukubwera chombo chowatenga. Ku Kanungu ndi m'madera ena a ku Uganda, mu Malichi 2000, anthu oposa 700 anafa m'gulu limene atsogoleri ake analosera tsiku la mapeto, anthu atagulitsa kale katundu wawo. Kuno chiopsezo chapafupi ndi munthu kugulitsa mbewu, ng'ombe kapena mbatatesi yosakhwima, kusiya kulima, kutulutsa mwana sukulu, kapena kutumiza ndalama pa foni kwa wolonjeza chitetezo. Wopanga vidiyo uja amalipidwa malinga ndi kuchuluka kwa oonera, ndipo tsiku likadutsa sataya kanthu, amangotchula lina.

Chimene chingagweredi dziko kuchokera kumwamba ndi miyala, osati mapulaneti, ndipo kuona mmene imalengezedwera kumathandiza kusiyanitsa chenjezo ndi mphekesera. Mwala ukapezeka umalembetsedwa ku Minor Planet Center, likulu losunga kaundula wa miyala yotere, umapatsidwa nambala, malo ake kumwamba amasindikizidwa kuti aliyense wokhala ndi telesikopu atsimikize, ndipo mwayi woti ungawombe umanenedwa m'manambala amene amasintha miyeso ikamachuluka. Mwala wa 2024 YR4, wa mamita pafupifupi 60, unapezeka mu Disembala 2024. Mu Febuluwale 2025 mwayi woti udzawombe dziko mu 2032 unakwera kufika pa magawo atatu mwa 100, zinalengezedwa poyera, ndipo patapita masiku ochepa miyeso yatsopano inautsitsa pafupifupi kufika pa ziro. Pa 2 Juni 2018 kamwala kosaposa mamita atatu kanaonedwa kuchokera ku Arizona kutatsala maola ochepa kuti kafike, kanapsa mumlengalenga mwa Botswana, ndipo zidutswa zake anakazitola ku Central Kalahari. Imodzi mwa matelesikopu olondera miyala yotere ili ku Sutherland ku South Africa.

Miyala yaing'ono imatha kuzemba. Wa ku Chelyabinsk ku Russia, pa 15 Febuluwale 2013, unali wa mamita pafupifupi 20, unachokera mbali ya dzuwa osaonedwa, ndipo anthu pafupifupi 1,500 anavulala, ambiri ndi magalasi a mawindo. Koma mamita 20 ndi makilomita 50,000 a pulaneti ngati Uranus ndi zinthu zosiyana kotheratu. Ndiponso miyala ili ndi mankhwala ake: mu Seputembala 2022 chombo cha DART chinawombedwa dala pa mwala wa Dimorphos, n'kufupikitsa ulendo wake wozungulira mnzake ndi mphindi zoposa 30.

Lembani tsiku ili, chifukwa mauthenga a Nibiru adzalikwera ndithu: Lachisanu pa 13 Epulo 2029. Mwala wa Apophis, wa mamita pafupifupi 340, udzadutsa pa makilomita 32,000 kuchokera pansi, kufupi kuposa masetilaiti a TV. Utangopezeka mu 2004 unaopsezadi, koma miyeso ya mu Malichi 2021 inatsimikiza kuti suwomba dziko kwa zaka zosachepera 100. Africa ili m'gulu la malo amene adzauone bwino, ndipo usiku umenewo mwezi udzakhala uli mumdima. Kukapanda mitambo, chokani pamene pali magetsi, dikirani mphindi 20 kuti maso azolowere, ndipo funani kanyenyezi kowala pang'ono, kosaphethira, kamene mukakayerekeza ndi nyenyezi zoyandikana nako kadzakhala katasuntha moonekeratu pakangopita mphindi zochepa.